Mau a Mlangizi: Nyimbo ndi Nthano Zisunga Mbiri ya Nkhondo

 Mwezi wa October wafika, dzuwa lakula mphamvu, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri a inu mwatha kukwirira mapesi ndi kuunga mizere, tsopano mulikungoyembekeza mvula. Masabata onse timakambirana za mbeu, za manyowa ndi za madzi a mu sikimu. Koma sabata ino ndifuna kuti tikambe za chinthu china chimene chiononga munda koposa dzombe, koposa mpheta, ndi koposa chilala chomwe. Chinthucho ndicho nkhondo ya pachiweniweni, ndiko kunena kuti nkhondo imene anthu a dziko limodzi amenyana okha-okha.

Chifukwa chake ndi ichi. Pa 4 October 1992, mu mzinda wa Rome ku Italy, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasaina pangano lothetsa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anzathu a kumeneko apumula pa tsiku limeneli chaka ndi chaka pokumbukira mtendere. Tsopano papita zaka zoposa 30. Anyamata ndi atsikana amene alikukwatirana masiku ano anabadwa nkhondoyo itatha kale. Amene anaiona ndi maso alikukalamba, ndipo chaka chiri chonse tiika m'manda ena a iwo. Zambiri zimene adziwa sizinalembedwe m'buku liri lonse. Ziri m'nyimbo zao ndi m'nkhani zao. Tikapanda kuzitola tsopano, zidzalowa nao m'manda.

NKHONDO YA KUTSIDYA KWA NYANJA

Nyanja yathu ya Chilwa iri pa malire. Mukaoloka ndi bwato kuchokera pa Kachulu ndi kupitirira Chisi kulowera kum'mawa, patsogolo panu pali dziko la Mozambique, boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa. Ndipo kum'mwera kwake kuli boma la Milange m'chigawo cha Zambezia. Anthu a kumeneko si alendo ai. Makolo a Alomwe ambiri a kuno anachokera komweko pothawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi, nadzakhala m'minda ya Azungu a kuno ndi kugwira thangata. Chinenero chathu ndi chao nchimodzi, tikwatirana nao, ndipo matemba a m'nyanja muno tidyera pamodzi.

Dziko la Mozambique linalandira ufulu pa 25 June 1975, ndipo chipani cha Frelimo chinatenga boma, mtsogoleri wake ali a Samora Machel. Pofika 1977 nkhondo inali itabuka pakati pa boma ndi gulu la Renamo. Gululi linayamba ndi chithandizo cha boma la Azungu la ku Rhodesia, ndipo pamene Zimbabwe analandira ufulu mu 1980, boma la tsankho la ku South Africa ndilo linapitiriza kulipatsa zida. Mtsogoleri wake woyamba anali André Matsangaissa, amene anaphedwa mu 1979, ndipo ndi dzina lakelo limene anthu a m'midzi anatchulira ankhondo a Renamo kuti a Matsanga. Pambuyo pake anatsogolera a Dhlakama.

Munthu wa m'mudzi anapanikizika pakati. A Renamo anali kutentha masukulu, zipatala ndi masitolo, kugwira anthu kuti awasenzere katundu ndi kuwalimira, ndi kutenga anyamata ang'ono-ang'ono kuti awaphunzitse mfuti. Ena anadulidwa makutu, mphuno kapena milomo, kuti anzao aone ndi kuopa. Boma nalonso linali kusamutsa anthu mokakamiza ndi kuwaunjika m'midzi ikulu-ikulu, kutali ndi minda yao ndi manda a makolo ao, ndipo asilikari ake akamva njala anali kulanda zakudya. Ukapatsa awa nkhuku lero, mawa afika enawo nakufunsa chifukwa chake wadyetsa adani. Paja akulu anati njobvu zikamenyana, ubvutika ndi udzu.

Anthu amene anafa pa nkhondoyi anali pafupi-fupi 1,000,000, ena ndi mfuti, ambiri ndi njala ndi nthenda. Pafupi-fupi 1,700,000 anathawira m'maiko oyandikana, ndipo mwa amenewa oposa 1,000,000 anali kuno ku Malawi pofika 1992. Kumbukirani kuti pa kalembera wa 1987 ife eni dziko tinali pafupi-fupi 8,000,000 basi. Motero pa anthu 10 ali onse amene anagona m'dziko muno masiku amenewo, mmodzi anali wothawa nkhondo. Chigulu chachikulu chinalowa mu 1986, pamene a Renamo analanda matauni a m'malire monga Milange, ndipo anthu anaolokera ku Muloza, ana ali kumbuyo. Misasa inamangidwa ku Mankhokwe m'boma la Nsanje, ku Luwani kumene tsopano ndi boma la Neno, ku Chiumbangame m'boma la Mangochi, ndi kwinanso. Ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka koposa eni midzi. Ena sanapite ku misasa, koma anafikira kwa abale ao, napatsidwa kachigawo ka munda kuti alimepo. Ambiri anabwerera kwao pakati pa 1993 ndi 1995, koma ena anakwatira kapena kukwatiwa konkuno, ndipo ali nafe mpaka lero.

CHIMENE NKHONDO ICHITA KWA MLIMI

Inu mudziwa bwino kuti ulimi ufuna munthu wokhala malo amodzi. Mpunga wa Faya ufuna kuti mufese nazale, muokere, mupalire, muyang'anire madzi, muingitse mbalame, mumwete ndi kupuntha, ndipo zonsezi zitenga miyezi 5 kapena kuposa. Mukachoka pa munda masabata ochepa okha pa nthawi yookera, chaka chimenecho chapita. Tsono taganizani za munthu amene agona m'thengo usiku uli wonse poopa kugwidwa, ndipo masana aopa kusonkha moto kuti utsi ungamuulule. Kodi munthu wotere angalime chiani?

Njala ya nkhondo ibwera mwa njira iyi. Chaka choyamba nkhokwe itenthedwa kapena kulandidwa. Banja lidya mbeu imene linasunga, pakuti mwana wolira njala sauzidwa kuti adikire dzinja. Chaka chachiwiri palibe chobzala, ndipo ngakhale mvula igwe bwino, munda umera udzu wokha-wokha. Mbuzi ndi nkhuku zinatha kale. Sitolo inatenthedwa, kotero kuti khasu likatha palibe kogula lina. Mchere palibe, sopo palibe, nsalu palibe. Ambiri amene anafika m'malire mwathu anafika atabvala ziguduli kapena chiwondo, nsalu ija ya makungwa a mtengo imene makolo athu anaisiya kale-kale. Ndipo pamene chilala chachikulu cha 1992 chinafika, chinapeza anthu alibe potsamira.

Nkhondo isiyanso mbeu yake m'nthaka. Mabomba anakwiriridwa m'njira, pa zitsime, pa milatho ndi m'minda, ndipo anapitirira kupha ndi kudula miyendo mfuti zitaleka kulira. Munali mu September 2015 mmene boma la Mozambique linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba ayeretsedwa. Werengani nokha: kuyambira 1992 mpaka 2015 ndi zaka 23, ndipo m'zaka zimenezo kunali minda ya chonde imene eni ake anali kungoiyang'ana osayesa kugwetsapo khasu.

Ifenso a kuno tinalipira. Feteleza ndi mafuta a galimoto zinali kubwera pa njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala. Pofika 1984 njanji zonse ziwiri zinali zitatsekeka chifukwa cha nkhondo, ndipo katundu anayamba kuzungulira njira yaitali ya ku Durban. Mtengo wa katundu unakwera, ndipo wotsiriza kulipira anali mlimi. Kuyambira 1987 asilikari a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala, imene ituluka pa Nayuchi kumpoto kwa nyanja yathuyi, ndipo ena a iwo sanabwereko amoyo. Pafupi ndi misasa mitengo inatha chifukwa cha nkhuni ndi milimo, ndipo nthaka inakokoloka.

NCHITO YA NYIMBO NDI NKHANI

Manambala amene ndalemba pamwambapa ndi oona, koma munthu sangathe kulirira anthu 1,000,000. Munthu alirira mmodzi, amene amdziwa dzina lake, mudzi wake, ndi mtengo umene anamuika patsinde pake. Imeneyi ndiyo nchito ya nyimbo ndi nkhani. Ndikupatseni zitsanzo, poyamba za masautso akale, kenaka za nkhondo yomweyi.

Mu 1949 kunagwa njala yaikulu m'chigawo chino cha kum'mwera, makamaka m'boma la Blantyre. Mabuku a Boma analemba za chimanga chimene chinagawidwa ndi ndalama zimene zinapita. Patapita zaka zambiri, mai wina wofufuza za mbiri, dzina lake Megan Vaughan, anayenda m'midzi ya kumeneko, napeza kuti amai anali kukumbukabe nyimbo za pamtondo za njala ija. M'nyimbozo munali zimene mabuku a Boma sanalembe: amuna amene anachoka kukafuna chakudya osabwereranso kwa akazi ao, ndi maukwati amene anatha chifukwa cha njala. Buku lake linatuluka mu 1987.

Kumunsi kwa Zambezi, Asena amene anagwira nchito m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates anali ndi nyimbo yotchedwa Paiva, potengera dzina la Mpwitikizi wina wa m'zaka za m'ma 1890. Munthuyo anafa, koma nyimbo inatsala, ndipo mbadwo uli wonse unaonjezamo za akapitao ankhanza a nthawi yake. Anthu awiri ophunzira, Leroy Vail ndi Landeg White, anaimva ikuimbidwabe m'zaka za m'ma 1970, ndipo eni ake anawafotokozera kuti aiimba kuti ana asaiwale mmene makolo ao anabvutikira.

Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo zinateronso. Ku Maputo, gulu la oimba lotchedwa Ghorwane, limene linayamba mu 1983, linaimba poyera za kuipa kwa nkhondo pa nthawi imene anthu ambiri anali kuopa kutsegula pakamwa. Nyimbo yao ina yotchuka, ya Zeca Alage, dzina lake Massotcha, inena za zoopsa zimene nkhondo ibweretsa pa anthu wamba. Mu 1992 mlembi wa ku Mozambique, Mia Couto, anatulutsa buku lotchedwa Terra Sonâmbula. M'bukumo nkhalamba ndi mnyamata, onse othawa nkhondo, abisala m'basi yotenthedwa m'mbali mwa mseu. Apeza makope m'sutikesi pafupi ndi mtembo, ndipo usiku uli wonse mnyamata awerengera nkhalamba zimene zinalembedwamo. Bukuli lamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo anthu a maiko akutali adziwa za nkhondoyi chifukwa cha ilo.

Ku Gorongosa, kumene nkhondo inakula koposa, kutabwera mtendere kunabuka mizimu imene eni ake aitcha magamba, ndiyo mizimu ya amuna ofera pa nkhondo. Mzimu ukagwira munthu, abale asonkhana kwa sing'anga, nyimbo ziyamba, ndipo mzimuwo ufotokoza pamaso pa onse mmene unafera ndi amene anaulakwira. Ena a inu mukhulupirira zotere, ena iai, ndipo ine sindiri woweruza. Koma taonani ichi. Mu 1992 boma la kumeneko linaika lamulo lokhululukira onse a mbali ziwiri, ndipo sipanakhale bwalo lofunsa za imfa zija. Anthu anauzidwa kuti aiwale, koma anapezabe njira yonenera. Nkhani yowawa ikakwiriridwa ichita ngati nansongole: mukamdula pamwamba pokha, aphukira pena.

MFUTI ZINASANDUKA MAKASU

Nkhani iyi ikondweretsa mlimi ali yense. Mu 1995 a Bishopu Dinis Sengulane a mpingo wa Anglican, pamodzi ndi bungwe la mipingo ya Chikristu ku Mozambique, anayamba nchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu. Munthu wobweretsa mfuti imene anabisa anali kulandira khasu, makina osokera, njinga kapena malata, ndipo sanali kuimbidwa mlandu. Zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa m'zaka zoyamba za nchitoyi. Zinadulidwa kuti zisagwirenso nchito, ndipo amisiri a ku Maputo anaocherera zidutswa zake napanga nazo zinthu zoonetsa anthu. Mmisiri wina wotchedwa Kester anapanga mpando wa mfuti zokha-zokha mu 2001, ndipo mpandowo unagulidwa ndi British Museum ku London. Ana a sukulu akauona afunsa kuti mfutizi zinachokera kuti, ndipo pomwepo nkhani iyamba.

BENI NDI MTONDO

Kuno ku Zomba tiri nacho chikumbutso cha nkhondo, ndicho nsanja ya K.A.R. pafupi ndi Cobbe Barracks, imene isunga maina a asilikari amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Tirinso ndi gule wa beni, amene anatengera perete wa asilikari. Beni ndi gule wokoma, ndipo tonse tithamangira kukaona. Koma beni aonetsa yunifolomu, wenzulo ndi kuguba. Mwana amene waona beni yekha aganiza kuti nkhondo ndi perete. Mai amene anafera m'njira atasenza katundu wa ankhondo alibe nsanja, ndipo dzina lake silinalembedwe pa mwala uli wonse. Ngati likumbukika, likumbukika m'nyimbo imene mng'ono wake aimba pa mtondo.

Mtondo unali malo a mphamvu. Mai akamasinja aimba zimene sangathe kunena pa bwalo la amfumu, ndipo palibe amene amuimba mlandu chifukwa cha nyimbo. Mau ayenda pamodzi ndi munsi, abwerezedwa kawiri-kawiri, ndipo mtsikana amene alikuthandiza kupeta awagwira osadziwa kuti alikuphunzira. Chimodzi-modzi msodzi popalasa bwato, ndi anganga posimba nthano madzulo ana atawazungulira.

Tsono bvuto lathu ndi ili. Ife alangizi tiyamika chigayo ndi makina opunthira mpunga, chifukwa zapeputsa nchito ya amai, ndipo palibe amene afuna kubwerera m'mbuyo. Koma ku chigayo saimba, pakuti phokoso la injini silola. Madzulo, pamene kale ana anali kumva nthano, tsopano ali ku kanema wa pa msika, kapena aweramira lamya ya m'manja. Nkhokwe imene inali kusunga mbiri yaphwasuka, ndipo sitinamange ina m'malo mwake. Inu mudziwa kuti mbeu ikakhala zaka zingapo osabzalidwa itha mphamvu, ndipo simera. Nyimbo yosaimbidwa iteronso.

ZIMENE MUNGATHE KUCHITA

1. Funsani akulu, koma funsani mwaulemu. Musakhale pansi ngati wapolisi wofunsa mlandu. Nthawi yabwino ndiyo pamene manja ali pa nchito, potong'ola chimanga, posenda chinangwa kapena posoka ukonde. Yambani ndi zopepuka, monga kuti, "Anganga, kodi kwanu kuja munkalima mpunga wanji?" Zolemera zidzabwera zokha.

2. Musakakamize munthu. Alipo amene anaona zosaneneka. Alipo amai amene anachitidwa chipongwe, ndi abambo amene anagwidwa ali ana nakakamizidwa kuchita zoipa. Wina akakhala chete, mlekeni. Wina akalira, khalani naye mpaka atatonthola. Ndipo zimene wakuuzani si nkhani za pa chitsime kapena za pa mowa ai.

3. Lembani kapena jambulani mau. Kope limodzi ndi pensulo zikwanira. Mwana wa sukulu alembe dzina la mudzi umene anachokera, chaka, mitsinje imene anaoloka, ndi maina a amene anatsala m'njira. Amene muli ndi lamya yojambula mau, pemphani chilolezo poyamba, ndipo musatumize mau a munthu kwa ena iye asanabvomere. Kopelo lisungidwe pouma, pamodzi ndi makalata a banja.

4. Phunzirani nyimbo m'chinenero chimene inaimbidwa, kaya Chilomwe, kaya Chiyao, kaya Chisena, kaya Chinyanja, ndipo funsani tanthauzo la mau ali onse. Nyimbo zambiri za masiku oopsa zinaimbidwa mophiphiritsa, kuti wankhondo akamva asazindikire. Mukagwira maimbidwe okha popanda tanthauzo, mwatenga mankhusu ndi kusiya mpunga.

5. Patsani nkhanizi malo. Pa msonkhano wa kalabu ya alimi, za ngongole ndi za madzi zikatha, patulani kanthawi kuti mkulu mmodzi asimbe kapena aimbe. Aphunzitsi aitane agogo ku sukulu. A ku tchalitchi ndi a ku mzikiti achite chimodzi-modzi. Pamene tisonkhana kubvina tchopa kapena manganje, pakhale nyimbo imodzi yokumbukira amene sanafike.

6. Funsaninso za mbeu. Kodi pothawa anatenga mbeu yanji? Kodi mapira, mchewere, nandolo kapena chinangwa chimene anali kulima kwao chikalipo m'munda wa munthu wina? Mukaipeza mbeu yotere, ndiuzeni, kuti tiichulukitse pa kamunda ka kalabu. Mbeu imene inapirira masiku oipa ndi yoyenera kusungidwa.

7. Simbani zoona za mbali zonse. Nkhanizi si zokolezera udani, kapena zokopera anthu ku chipani. Ana a amene anali ku Frelimo ndi ana a amene anali ku Renamo lero agulitsa nsomba pa msika umodzi. Chimene tifuna kuti ana athu adziwe ndi mtengo wake wa nkhondo, ndi kuti amene aulipira ndi anthu onga inu ndi ine.

CHAONA MNZAKO CHAPITA

Wina anganene kuti, "A Mlangizi, zimenezi zinatha kale, bwanji mulikudzutsa zogona?" Iai, abale anga, moto sunazimiretu. Pakati pa 2013 ndi 2016 boma la Mozambique ndi Renamo anayambanso kuomberana, ndipo anthu oposa 10,000 ochokera ku Tete anathawira pa Kapise m'boma la Mwanza, mpaka msasa wa Luwani unatsegulidwanso mu 2016. Pangano lina la mtendere linasainidwa mu August 2019 ndi a Filipe Nyusi ndi a Ossufo Momade. Mu 2017 kunabuka nkhondo ina ku Cabo Delgado, kumpoto kwa dzikolo. Ndipo kumapeto kwa 2024, chitatha chisankho cha kumeneko, anthu zikwi zambiri anaolokanso kudzafika ku Nsanje. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Dziko lathu la Malawi silinaonepo nkhondo yotere chilandirire ufulu mu 1964, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma mtendere ufuna kupalira monga munda. Muno mu sikimu, madzi akachepa, a kumtunda ndi a kumunsi kwa ngalande ayang'anana ndi diso lofiira, ndipo ena atseka madzi usiku. Pamene nyanja inaphwa, monga mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, anthu ambiri anasowa podyera nthawi imodzi, ndipo malo olima anasanduka chinthu cholimbirana. Pa nthawi ya chisankho anyamata apatsidwa kangachepe kuti akagende anzao. Sindinena kuti mkangano wa madzi ndi nkhondo ai. Ndinena kuti mnyamata amene anamva agogo ake akusimba mmene anakwiririra mwana wao m'thengo popanda mkeka, aganiza kawiri asanatole mwala kapena chikwanje. Mkangano wa madzi upite ku komiti, wa malire upite kwa amfumu, pakuti nkhondo siimanga mudzi.

Chifukwa chake ndikupemphani kuti mvula isanagwe, pamene madzulo akali aufulu, banja liri lonse likhale pansi kamodzi ndi mkulu wa pa khomopo, ndi kumfunsa. Amene mulibe mkulu wotere pa khomo panu, alipo pa khomo loyandikana. Mukalemba nkhani imene mwini wake walola kuti ena aimve, bweretsani kwa ine pa tsiku la msonkhano, ndipo tidzaiwerenga pamodzi.

Sabata ya mawa tidzakamba za kukonza nazale ya mpunga ndi kusankha mbeu yabwino poiviika m'madzi a mchere. Pakali pano yeretsani ngalande zanu, ndipo musatenthe mapesi. Tsalani bwino nonse.

Ndine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi, Likangala.